TIZILOMBO TA PANSI PA NTHAKA NDI MADZI A PAMJIGO: PHUNZIRO KWA ANTHU A KU HEWE

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu wochokera ku Boma la Rumphi, akapitirira Bolero nalunjika ku malire a Zambia, afika m'chigwa cha Hewe, dziko la Themba Katumbi. Chakum'mawa aona mapiri a Nyika, kumene uchokera mtsinje wa Hewe, ndipo chakum'mwera kuli dambo lalikulu la Vwaza, limene lilandira madzi a mtsinjewo lisanawapereke kwa Luwewe, amene akawatula mu South Rukuru pafupi ndi nyanja ya Kazuni. Ndi dziko lachonde, la fodya ndi chimanga, ndipo eni ake adziwika kuti ndi anthu osaopa khasu. M'zaka za m'ma 1970 iwo anakumba ngalande ndi manja awo, Boma nilipereka mipope, kotero kuti madzi a m'phiri anatsikira m'midzi popanda injini. Ntchitoyo inali imodzi mwa ntchito zodzithandiza zimene zinayambira ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968.

Koma kuyambira masiku amenewo anthu achuluka, midzi yatsopano yamangidwa kumene mpope sufika, ndipo monga zilili m'maboma ena onse, maso a anthu ali pa mjigo. Boma likumba, mipingo ikumba, mabungwe achifundo nawonso akumba. Ichi ndi chinthu choyenera kuthokoza. Komabe lilipo funso limene tifuna kuti antchito a Boma ndi aphunzitsi alisinkhesinkhe pamodzi nafe lero: kodi madzi akatuluka pamjigo ali mbee, osanunkha, okoma pakamwa, tinganene msanga kuti ndi abwino? Dziko lina lakutali linayankha kuti inde, ndipo yankho limenelo linadzetsa maliro ambiri.

ZIMENE ZINAONEKA KU BANGLADESH

Kale anthu a ku Bangladesh ankamwa madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje, ndipo ana ochuluka ankafa ndi kolera ndi kutsegula m'mimba. Chotero kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma la dzikolo, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, linalimbikitsa kukumba mijigo, ndipo pambuyo pake mabanja anayamba kudzikumbira okha mpaka mijigoyo inafika mamiliyoni. Madzi ake anali oyera. Ankayezedwa ngati ali ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, napezeka abwino. Chiphe chotchedwa aseniki sichinali pa mndandanda wa zoyeza.

Mu 1983 dokotala wa matenda a pakhungu wa ku Calcutta, Dr K. C. Saha, anaona odwala ochokera m'midzi ya West Bengal, ku India, ali ndi mawanga akuda pathupi ndiponso zikhatho ndi mapazi okakala ngati khungwa la mtengo. Iye anatsata matendawo mpaka anafika pa mijigo imene odwalawo ankatungapo. Ku Bangladesh chiphechi chinatsimikizidwa mu 1993, m'chigawo cha Nawabganj. Mu 1998 ndi 1999 akatswiri a British Geological Survey pamodzi ndi a boma la Bangladesh anayeza mijigo pafupifupi 3,500, napeza kuti pa mijigo 100 iliyonse yosazama, 27 inapitirira muyeso wa dzikolo, ndipo 46 inapitirira muyeso wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Mu 2000 magazini ya bungwe lomweli inalemba kuti anthu a pakati pa 35 miliyoni ndi 77 miliyoni anali pa ngozi yakumwa madzi otere.

Owerenga athu ayenera kumvetsa kuchepa kwa muyeso umene tikunena. Kuyambira 1993 WHO inena kuti lita imodzi ya madzi akumwa isakhale ndi aseniki wopitirira mamayikulogalamu 10. Kunena mwa chimvekere, ndiye kuti galamu imodzi yokha ya chiphechi m'migolo 500 ya malita 200. Muyeso wa Bangladesh ndi mamayikulogalamu 50, ndiwo galamu imodzi m'migolo 100. Pa kuchepa kotere aseniki alibe fungo, alibe mtundu, ndiponso samveka pa lilime. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Madzi akamaphwa pamoto iye atsala mumphika, nakhala wochulukirapo. Zizindikiro zake zichedwa kuoneka, kawirikawiri patapita zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo pambuyo pake angadzetse khansa ya pakhungu, ya m'chikhodzodzo ndi ya m'mapapo. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo pa nkhani iyi mawuwo akwanira ndithu.

NTCHITO YA TIZILOMBO

Tsono aseniki ameneyu anachokera kuti, popeza panalibe fakitale kapena mgodi umene unamutaya m'zitsime? Apa ndi pamene nkhaniyi ifika pozizwitsa, ndipo tipempha aphunzitsi a sayansi kuti atsate bwino.

Aseniki ndi chinthu chachilengedwe, chopezeka pang'onopang'ono m'miyala yambiri. Miyala ya m'mapiri a Himalaya ikamafumbutuka, mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra itenga mchenga ndi matope ake nkukaziunjika m'chigwa. Kanjere kalikonse ka mchengawo kakutidwa ndi dzimbiri, lomwe lija tiliona pa khasu logonera pa mvula. Dzimbiri ligwira aseniki zolimba, monga ulimbo ugwira mbalame. Malinga dzimbirilo lili chikhalire, chiphe sichilowa m'madzi, ndipo munthu angamwe madzi odutsa mumchenga umenewo moyo wake wonse osadwala.

Koma pansi pa nthaka si pachabe. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene asayansi atitcha mabakiteriya, tosawerengeka kuchuluka kwake. Tizilombo timeneti sitiyambitsa matenda. Ntchito yake ndi kudya zinthu zoola, monga masamba, mizu ndi udzu zimene zinakwiririka pamodzi ndi matope. Monga munthu afuna mpweya wa okosijeni kuti chakudya chimupatse mphamvu, natonso tiyamba ndi okosijeni yemweyo. Koma m'matope odzala madzi mpweya sulowa msanga, ndipo posachedwa utha. Pamenepo mitundu ina ya tizilombo, mmalo mwa kufa, iyamba kupumira dzimbiri. Mtundu umodzi wotere, wotchedwa Geobacter, anaupeza Derek Lovley mu 1987 m'matope a mtsinje wa Potomac ku America. Tizilomboti tikapumira dzimbiri, dzimbirilo lisungunuka, chitsulo chake chilowa m'madzi, ndipo aseniki amene anamatirira pamenepo atsala wopanda chomugwira. Ulimbo ukasungunuka mbalame iuluka.

Palinso chachiwiri. Aseniki akhala m'madzi m'maonekedwe awiri. Pamene pali mpweya akhala wa mtundu wotchedwa arsenate, umene umamatira msanga ku dothi. Pamene mpweya watha asanduka arsenite, amene ali woopsa koposa m'thupi ndiponso ayenda ndi madzi mosavuta. Mu 1994 akatswiri a ku Massachusetts anafalitsa za kachilombo kamene kapumira arsenate yemweyo, nikamusandutsa arsenite. Ndiye kuti tizilombo tichita ziwiri: timasula chiphe, ndiponso tichinola.

Maganizo akuti dzimbiri losungunuka ndilo gwero la tsoka la ku Bengal anatuluka mu 1998 m'magazini ya sayansi ya Nature. Umboni wooneka unadza mu 2004, pamene akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Manchester anatenga matope a pansi pa nthaka ku West Bengal nawaika m'mabotolo opanda mpweya. M'mabotolo mmene anaonjezamo chakudya cha tizilombo, aseniki anatuluka wambiri. M'mene anayamba aphamo tizilombo tonse ndi kutentha, sanatuluke motero. Chotero kunadziwika kuti zinthu zitatu zikakumana pamodzi, ndizo mchenga wa dzimbiri, zoola zodyetsa tizilombo, ndi madzi opanda mpweya oyenda pang'onopang'ono, ngozi ili pafupi.

Pa za kumene chakudya cha tizilombocho chichokera, akatswiri sanamvane onse. Ena anena kuti ndi zomera zakalekale zimene zinakwiririka pamene chigwa chinali kupangika. Ena, amene anafufuza ku Munshiganj nafalitsa zopeza zawo mu 2002, anena kuti kupopa madzi ambiri othirira mpunga kukoka madzi a pamwamba, odzala zoola zatsopano, kuti atsikire pansi kumene kuli mchengawo. Kwa ife amene tilimbikitsa ulimi wothirira ndi mapampu oyendera dzuwa, mtsutso umenewu ndi wofunika kuutchera khutu.

TIZILOMBO TINA TITHANDIZA

Tisaganize kuti tizilombo tonse ta pansi ndi adani. Tilipo tina timene tisandutsa arsenite kubwerera ku arsenate, kotero kuti amamatiranso ku dothi. Chodabwitsa ndi chakuti kachilombo koyamba ka mtundu umenewu sikanapezeke ku Ulaya, koma kuno kum'mwera kwa Africa. Mu 1918 H. H. Green wa ku South Africa analemba za tizilombo tiwiri timene anatipeza m'dipi losambitsiramo ng'ombe, mmene ankathiramo mankhwala a aseniki ophera nkhupakupa: kena kankasandutsa arsenite kukhala arsenate, kanzake kankachita zobwerera.

Tilinso tina topumira mchere wa sulufule. Timeneti titulutsa mpweya uja ununkha ngati dzira lovunda, ndipo mpweyawo ukakumana ndi chitsulo ndi aseniki m'madzi, zonse zigwirana nizikhala pansi ngati miyala. Mu 2004 akatswiri a ku Illinois, ku America, anaonetsa kuti zitsime zimene zinali ndi mchere umenewu wokwanira zinali ndi aseniki wochepa, pamene zoyandikana nazo zopanda mcherewo zinali ndi wambiri.

Apa pali phunziro lalikulu kwa ogwira ntchito za madzi. Popeza zonse zidalira mtundu wa matope ndi mtundu wa tizilombo topezeka pa malo amenewo, mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ingasiyane kutali. Ku Bangladesh kunapezeka mjigo wabwino pakhomo pa munthu, ndi wachiphe pakhomo pa mnansi wake. Chifukwa chake kuyeza mjigo umodzi sikupereka chilolezo kwa unzake. Boma la dzikolo linayeza mijigo pafupifupi 5 miliyoni umodziumodzi, nilipaka utoto wobiriwira pa yabwino ndi wofiira pa yoipa, kuti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga adziwe potunga.

NANGA KUNO KWATHU?

Tisanapitirire tinene momveka: nkhani ino sikunena kuti madzi a ku Hewe ali ndi chiphe, ndipo wina asaitenge kukaopseza nayo anthu kumudzi. Mbiri imene tili nayo ya dziko lathu ndi yotonthoza mtima. Mu 2018 akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Strathclyde ku Scotland, pamodzi ndi anzawo a mu unduna woona za madzi, anafalitsa zimene anapeza atasanthula zolembedwa zakale ndi kuyeza mijigo ina mwatsopano. Anapeza kuti m'malo ochuluka aseniki ndi wochepa ndithu. Koma anaonanso kuti mijigo yoyezedwa ndi yowerengeka poyerekeza ndi zikwi makumimakumi za mijigo imene anthu amwapo, ndipo anapempha kuti kuyeza kupitirire. Kafukufuku wina wa m'chigwa cha Karonga, boma loyandikana ndi Rumphi, anapeza mijigo ingapo yopitirira pang'ono muyeso wa WHO, ngakhale kuti inali pansi pa mamayikulogalamu 50, muyeso umene a Malawi Bureau of Standards anaika mu 2005 wa madzi a m'mijigo ndi zitsime zotetezedwa.

Mavuto a madzi a pansi amene tiwadziwa bwino kuno ndi ena. Ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo yambiri itulutsa madzi amchere, ndipo ku Nathenje ndi madera ena mchere wa fluoride usandutsa mano a ana kukhala ofiirira. Mavuto amenewa amveka pa lilime kapena aoneka ndi maso, ndipo anthu adandaula msanga. Aseniki yekha ndiye akhala chete, ndipo chifukwa chake ndi wosavuta kumuiwala pamene ndalama zoyezera madzi zili zochepa.

Tsono tiyang'ane chigwa cha Hewe ndi maso a zimene taphunzirazi. Mbali yaikulu ya dziko lathu ili pa miyala yakalekale yolimba, imene madzi ake kawirikawiri alibe vutoli. Koma m'zigwa ndi m'madambo nkhani isiyana. Mitsinje yotsika ku Nyika itenga mchenga ndi matope nizitula pansi pamene madzi afatsa. M'dambo monga la Vwaza, ndi m'timadambo tating'ono tozungulira midzi, bango ndi udzu zimera, zifa, nizikwiririka chaka ndi chaka m'dothi lakuda lodzala madzi. Mpweya mmenemo ndi wochepa, chakudya cha tizilombo ndi chambiri. Ngati pali malo amene mjigo uyenera kuyezedwa usanatsegulidwe, ndi malo otere, pakuti wokumba akonda m'mphepete mwa dambo chifukwa madzi apezeka pafupi ndipo ntchito itsika mtengo.

Amayi otunga madzi ali ndi chizindikiro chimodzi chothandiza. Madzi ena atuluka oyera, koma akagona mumtsuko asanduka ofiirira, nadetsa zovala ndi nsima. Chimenecho ndi chitsulo chosungunuka chimene chabwerera kukhala dzimbiri chitakumana ndi mpweya, ndipo chisonyeza kuti mwina pansipo tizilombo tija tili pa ntchito. Si umboni wa aseniki, pakuti mijigo yambiri ya madzi ofiirira ilibe chiphe, ndipo nthawi zina kufiirako kuchokera ku mapaipi a mjigo amene achita dzimbiri. Komanso madzi osafiira sindiye kuti apulumuka. Koma mjigo wotere uyenera kukhala patsogolo pa mndandanda wa yoyezedwa.

M'boma la Rumphi mulinso malo ena atatu oyenera kuwakumbukira. Oyamba ndi akasupe otentha monga a ku Chiweta, pakuti m'maiko ambiri madzi otentha ochokera pansi penipeni atenga aseniki m'miyala. Achiwiri ndi madera a malasha a kufupi ndi Livingstonia, pakuti m'malasha mupezeka mwala wonyezimira wa pyrite umene nthawi zina usunga aseniki, ndipo ukafukulidwa, tizilombo tina tokonda madzi owawasa tifulumizitsa kusungunuka kwake. Achitatu ndi madipi akale a ng'ombe. Kwa zaka zambiri mankhwala a aseniki ndiwo ankathiridwa m'madipi a maiko a kuno, kuphatikizapo lathu. Mankhwalawo analekeka, koma aseniki saola. Ku Vhembe, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti dothi lozungulira madipi akale likadali nacho chiphecho.

ZOYENERA KUCHITA

Boma lathu lili nazo kale zida zogwirira ntchitoyi. Lamulo la madzi la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liyang'anire kakumbidwe ka mijigo. Ku Lilongwe kuli nyumba yaikulu ya Boma yoyezera madzi, ku Mzuzu kuli nthambi yake, ndipo sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu ili ndi gawo la akatswiri a za madzi ndi ukhondo. Chotsala ndi chakuti amene ali pafupi ndi anthu agwiritse ntchito zida zimenezi.

Choyamba, aliyense wofuna kukumba mjigo, kaya ndi phungu, mpingo kapena bungwe, adzere ku ofesi ya za madzi ya pa boma, ndipo mjigo usaperekedwe kwa mudzi popanda pepala losonyeza zimene zinapezeka m'madzi ake. Kwa mijigo ya m'madambo ndi m'zigwa, tipempha kuti aseniki alembedwe pa mndandanda wa zoyeza pamodzi ndi mchere, fluoride ndi chitsulo. Mtengo woyezera ndi waung'ono poyerekeza ndi ndalama zokumbira mjigo umodzi.

Chachiwiri, komiti ya mjigo isunge pepala limenelo monga isunga kabuku ka ndalama zogulira zipangizo, ndipo madzi ayezedwenso patapita nthawi, makamaka kumene kwayamba ulimi wothirira wopopa madzi ambiri. Madzi a pansi asintha.

Chachitatu, langizo lakale lija lakuti chimbudzi, khola ndi dzala zikhale kutali ndi mjigo, mamita osachepera 30, lisungidwe. Tinaliphunzira chifukwa cha matenda a m'mimba, koma tsopano tili ndi chifukwa chachiwiri: zonyansa zolowa pansi ndi chakudya cha tizilombo tosungunula dzimbiri. Momwemonso mjigo usakumbidwe pafupi ndi dipi lakale. Pano mafumu ndi anthu achikulire ndiwo adziwa pamene madipiwo anali, ngakhale atakwiririka.

Chachinayi, alangizi a zaumoyo ndi ogwira ntchito pa zipatala zazing'ono monga cha Katowo adziwe zizindikiro za pakhungu zimene tatchula, kuti akaona anthu angapo a mudzi umodzi ali nazo, afunse kumene atunga madzi natumize mawu ku chipatala cha boma.

Ndipo ngati mjigo wina utapezeka ndi chiphe, si mapeto a dziko. Mudzi ungasamukire ku mjigo wina woyezedwa, kapena ku mpope wa madzi a m'phiri, madzi a pamjigo woipawo nkukhala ochapira. Dzimbiri lomwe lija lingakhalenso mankhwala. Ku Vietnam mabanja athira madzi a pamjigo m'thanki ya mchenga. Chitsulo chikakumana ndi mpweya chisanduka dzimbiri, nichigwira aseniki wambiri madzi asanafike pansi. Ku Bangladesh Dr Abul Hussam anapanga chosefera cha zidebe ziwiri, mchenga, makala ndi chitsulo, chimene chinamupatsa mphotho ya madola 1 miliyoni mu 2007.

Potsiriza tichenjeze za kulakwa kumodzi kumene kungapose onse. Munthu wina atamva nkhaniyi angati, ngati zili choncho ndibwerera kumtsinje. Ameneyo akumbuke mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi a mumtsinje angaphe mwana m'masiku awiri. Mjigo ndi bwenzi lathu, ndipo ukhalabe bwenzi. Chimene tipempha ndi chakuti bwenzilo tilidziwe bwino.

Kwa inu aphunzitsi ntchito ndi yopepuka. Tengani botolo la madzi a pamjigo wa pasukulu, liikeni pawindo usiku umodzi, ndipo m'mawa ana aone ngati asintha mtundu. Afotokozereni za dzimbiri, za ulimbo ndi mbalame, ndi za tizilombo timene tipuma popanda mpweya. Ana amenewo ndiwo adzakhala m'makomiti a mijigo, ndipo ena adzakhala m'maofesi osaina mapepala a okumba. Anthu a ku Bangladesh anadikira zaka makumi awiri asanafunse funso limene ife tingafunse mjigo usanatsegulidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.